Tsiku lomwe ndinasiya ana mkalasi nkuthawa chivomerezi

Nkhani iyi kwa zaka zambiri sindinkafuna kuikamba chifukwa imandichititsa manyazi, koma akunyumba akhala akundikakamiza kuti ndilembe basi, ati mwina ithandiza wina, komanso ati anthu a kuno onse amaidziwa kale nde mukubisira ndani kkkk. Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndimakhala ku Matawale kuno ku Zomba. Sukulu yake sinditchula.

Pa 8 Malichi 2018, linali Lachinayi, chakummawa dzuwa litakwera kale, ndinali mu Sitandade 4 ndikulemba samu pabolodi. Ana tsiku limenelo anabwera 104, ena pamadesiki atatuatatu ena pansi, mukudziwa mmene makalasi athu amakhalira. Ndinangomva chinthu chikulindima ngati lole yodzadza mchenga ikudutsa kuseri kwa buloko, mawindo nkunjenjemera pangʼono, ndinaima kaye nkumadabwa chifukwa kuseri kwathuko kulibe msewu kuli munda wa chimanga wa aHedi, koma ndinangoti aaa kaya nkupitiriza kulemba. Ndinamaliza samu ija mpaka kujambula mzere kunsi kwake. Kenako nde zenizeni zinafika. Malata kulira, fumbi kugwa kuchokera mmapaso, pansi kumayenda ngati waima mu bwato pa Kachulu mphepo ikuomba, kamwana kena kanakuwa kuti mayooo basi kalasi yonse inadzambatuka.

Ine sindinaganize chilichonse, miyendo inaganiza yokha. Bolodi lili pafupi ndi chitseko, nde woyamba kutuluka ndinali ineyo, bambo wamkulu, choko chili mmanja. Nditafika pa bwalo ndi pamene ndinakumbuka kuti ndine mphunzitsi. Kutembenuka ndinaona zinthu zomwe mpaka lero zimandibwerera ndikagona. Chitseko chathu chinkatsegukira mkati, nde ana aja pokankhana anachikankha chinatsekeka theka, ana oposa 100 akufuna kudutsa pa kampata koti mungodutsa munthu mmodzi, akutsogolo agwa akumbuyo akuwakwera pamsana. Kugwedezeka kuja sikunatenge olo mphindi imodzi. Buloko sinagwe, olo njerwa imodzi sinasunthe. Koma titamaliza kuwazula pakhomo paja kamnyamata kena kanali kataguluka dzino, ena mabala mmaondo, ndipo kamtsikana kena kakangʼono kuposa onse, kaja kankakhala kutsogolo chifukwa cha msinkhu, mkono unali utathyoka.

Tinakakweza kabaza ine nditakanyamula, mpaka kuchipatala, anakaika chikhakha. Mayi ake anafika ali wefuwefu chitenje chili mmanja, sanakalipe, sanatukwane, bola akanatukwana. Anangondiyangʼana nkufunsa kuti "aphunzitsi, nanga inu munali kuti?" Ndinalibe choyankha. Chivomerezi chija sichinavulaze mwana wa munthu pasukulu pathu, tinavulazana tokha, ndipo woyambitsa mpikisano wothamanga ndinali ine.

Madzulo pa wailesi anati chinayambira kumunsi kufupi ndi Nsanje kumalire ndi Mozambique, mphamvu yake cha mma 5.5. Amene amayeza zimenezi ndi a Geological Survey Department, ndipo likulu lawo lili konkuno ku Zomba, ine zaka zonsezi ndinkangodziwa kuti ndi anthu a miyala ndi migodi. Usiku womwewo pa WhatsApp panayamba kuzungulira uthenga woti chachikulu chibwera 2 koloko usiku aliyense agone panja, wina amvekere akatswiri anena, wina amvekere mneneri waona. Tinagonadi panja banja lonse pa mphasa, Malichi udzudzu uli pachimake, chivomerezi sichinabwere koma malungo anabwera, mwana wathu wachiwiri anadwala sabata yotsatira. Apa ndinene msanga: palibe munthu kapena makina padziko pano amene angakuuzeni tsiku ndi ola lomwe chivomerezi chibwere. Uthenga wotero mukaulandira osautumizanso kwa ena.

Ife a ku Malawi timaona ngati zivomerezi ndi za kunja, za pa TV, koma dziko lathuli lakhala mu chigwa chachikulu chongʼambika chomwe chatsika kuchokera ku Ethiopia, nyanja yathu ija ili mu mngʼalu umenewo, chigwa cha Shire chimodzimodzi. Cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989 ndimachikumbuka ndili kamnyamata, chinapha anthu 9 ndipo masauzande ambiri anasowa pokhala, agogo anga anangoti ndi Napolo akutembenuka pansi, paja kuno ku Zomba chilichonse chochokera kuphiri kapena pansi pa nthaka timamunamizira Napolo chichokereni madzi a 1946. Ku Karonga mu Disembala 2009 zinabwera motsatizana kwa masabata, chachikulu chinafika 6.0, anthu 4 anamwalira, nyumba zambirimbiri zinagwa kapena kungʼambika. Nde si nkhani yachilendo ayi, kungoti zimatenga zaka nde timaiwala.

Zaka zinayi zinadutsa ndikungokhala ndi manyazi anga, mpaka tsiku lina muphwa wanga, mwana wa achemwali anga, anandiimbira. Mnyamatayu anapeza mwayi wa sukulu ku Japan, ankakhala ku Tsukuba kumpoto kwa Tokyo. Pa 16 Malichi 2022, kaya bwanji Malichi yemweyu, nditangoweruka chakumadzulo cha mma hafu 4, tinali pa vidiyo kolo iye ali pa laputopu, kwawoko inali itadutsa 11 koloko usiku paja amatitsogolera ndi maola 7. Tikukamba za fizi ya mngʼono wake anangoti "amalume dikirani kaye, kwagwedera pangʼono," nkuseka kuti izi nzachizolowezi kuno. Tinapitiriza. Patangotha mphindi ziwiri foni yake yomwe inali patebulo inalira kulira kwina koipa, kosafanana ndi kuitana kwa foni, kokhala ngati kakukalipira, ndi mawu a Chijapanizi akubwerezabwereza. Ine ndimvekere nchiyani chimenecho, iye anangoti "chivomerezi chikubwera" ndipo sanathamange. Ndinamuona ndi maso angawa akukankhira kapu ya tiyi kutali, kutsegula chitseko cha chipinda nkuchisiya chotsegula, kutenga pilo, kulowa pansi pa tebulo. Mchipindamo munali bata, nsalu ya pawindo ili phee, mpaka ndinaganiza kuti foni yanama. Ndinakhala ndikuyangʼana mpando wopanda munthu kwa masekondi mwina 20. Kenako chithunzi chonse chinayamba kuvina, mabuku kugwa, laputopu kutsetsereka, kolo nkuduka.

Abale ndinatuluka thukuta. Achemwali sindinawauze kaye. Patatha ngati theka la ola anatumiza uthenga kuti ali bwinobwino, kwangosweka mbale ziwiri. Chivomerezi chimenecho chinali cha 7.4, chinayambira pansi pa nyanja kufupi ndi Fukushima, nyumba zoposa 2 miliyoni zinazimiridwa magetsi, sitima ina ya Shinkansen, zija zothamanga kwambiri zija, inachoka panjanji koma palibe anafa mmenemo chifukwa inali itamanga kale mabuleki. Dziko lonse omwalira sanakwane olo 10.

Mawa lake ndinamupanikiza ndi mafunso ngati mwana wa sukulu, funso langa lalikulu linali loti foni inadziwa bwanji pamene mwandiuza nokha kuti palibe amalosera. Anandiyankha kuti amalume foni sinalosere, chivomerezi chinali chitayamba kale kutali, kungoti uthenga unathamanga kuposa chivomerezicho. Apa mphunzitsi wa samu mwa ine anadzuka. Pansi pakangʼambika pamatuluka mafunde a mitundu iwiri. Oyamba, omwe amawatcha P, ndi aliwiro, amayenda makilomita ngati 6 pa sekondi imodzi, koma alibe mphamvu kwenikweni, amangogogoda kapena kulindima. Achiwiri, a S, amayenda makilomita ngati 3 ndi theka pa sekondi, amenewa nde ogwedeza uku ndi uku, ogwetsa makoma. Ku Japan anakwirira makina omvera kugwedezeka oposa 1,000 mdziko lonse, ena mpaka pansi pa nyanja. Makina apafupi ndi pomwe payambira akangomva P amatumiza uthenga ku kompyuta, kompyuta mmasekondi ochepa imawerengera kuti chayambira pati, nchachikulu bwanji, chifika kuti, basi nkutumiza chenjezo ku mafoni, wailesi ndi TV. Uthenga wa pa waya ndi pa mlongoti umayenda pafupifupi liwiro la kuwala, nde mafunde a S aja ngakhale amathamanga amasanduka kamba. Zili ngati mvula ya mabingu, umaona kungʼanima kaye kugunda kumabwera pambuyo. Kapena tinene zomwe timazidziwa kuno, Likangala akadzadza kumtunda munthu amaimbira foni abale ake akumunsi cha ku Chilwa kuti chotsani mbuzi madzi akubwera, iyeyo sanalosere, wangowaona madziwo poyamba. Kusiyana kwake nkoti madzi amakupatsa maola, chivomerezi chimakupatsa masekondi.

Usiku umenewo ndinatenga kope nkuwerengera za tsiku langa lamanyazi lija. Kuchoka pomwe chinayambira cha ku Nsanje kufika ku Zomba, mowongoka ngati mbalame, ndi makilomita pafupifupi 150. Mafunde ogwedeza aja anatenga masekondi opitirira 40 kuti atipeze. Kukanakhala makina kumeneko, tichotsepo masekondi 10 oti amve ndi kuwerengera, ine ndikanakhala ndi masekondi 30 athunthu. Tayesani kuwerenga mpaka 30 pangʼonopangʼono muone kutalika kwake. Ndi nthawi yoti ndikanatsegula chitseko chonse nkuchigwira, kuuza ana kuti khalani pansi gwirani mitu, kukachotsa kamtsikana kaja pakhomo. Koma chomwe chinandipweteka kwambiri ndi samu yachiwiri. Mafunde oyamba aja anafika kuno patatha masekondi ngati 25, kutanthauza kuti pakati pa oyamba ndi achiwiri panali mpata wa masekondi oposa 15, ndipo ine ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti lole ya mchenga ija ndinaimva kuseri kwa buloko inali imeneyo. Chenjezo ndinalandira, laulere, lopanda foni lopanda bandulo, ndipo ndinaligwiritsa ntchito pojambula mzere kunsi kwa samu.

Anthu ena ndikawafotokozera amaseka, ati masekondi 10 kapena 20 ungachite nawo chiyani, olo nsapato sungavale. Zoona nsapato sungavale, katundu sungatulutse. Koma ambiri ovulala pa chivomerezi savulala chifukwa nyumba yonse yawagwera, amavulala chifukwa agwa pothamanga, agweredwa ndi kabati, galasi, njerwa za pamwamba, apsa ndi madzi a pamoto, kapena apondedwa ndi anzawo ngati ana anga aja. Ku California ataunika ovulala pa chivomerezi cha ku Northridge mu 1994 anapeza zomwezo, ambiri zinali zogwa ndi zogweredwa. Zoterezi masekondi 10 amakwana kuzipewa. Mmisiri amene ali pa makwerero amatsika, mayi amachoka pafupi ndi poto wa phala, dokotala amachotsa mpeni pathupi la wodwala, woyendetsa galimoto amaima pambali. Ndipo zina sizidikira munthu, makina amachita okha: sitima zimadulidwa magetsi nkumanga mabuleki, zikepe za mnyumba zosanja zimaima pa nsanjika yapafupi nkutsegula zitseko kuti anthu asatsekeredwe, makina a mfakitale amazima. Pa chivomerezi choopsa chija cha pa 11 Malichi 2011, cha 9.0, sitima za Shinkansen zomwe zinanyamula anthu zinaima zonse popanda wokwera kufa, ngakhale kuti madzi a mnyanja omwe anabwera pambuyo pake anapha anthu masauzande ambiri. Ku Japan chenjezo la anthu onse linayamba mu 2007.

Koma amene anayamba kuchenjeza anthu wamba si a Japan, ndi a Mexico, dziko loti si lolemera ngati Japan, nchifukwa chake nkhani yawo imandisangalatsa. Chivomerezi cha pa 19 Seputembala 1985 chitapha anthu masauzande ambiri mu Mexico City, anaika makina kugombe la nyanja ku Guerrero komwe zivomerezi zawo zambiri zimayambira, mtunda wa makilomita oposa 300, ndipo kuyambira 1993 anthu a mumzindawo amachenjezedwa, pena mphindi yathunthu chisanafike. Ali ndi zimkuzamawu pa mapolo mmisewu, ndipo chaka chilichonse pa 19 Seputembala mzinda wonse umayeserera kuthawa. Nde tamverani izi, mu 2017 pa tsiku lomwelo la 19 Seputembala, patangotha maola awiri atamaliza kuyeserera, chenicheni chinabwera, koma ulendo uno chinayambira pafupi, kumtunda osati kugombe, alamu inalira pansi patayamba kale kugwedezeka, anthu oposa 300 anamwalira.

Pamenepa nde pali chilema cha makina amenewa ndipo sindikufuna ndikunamizeni. Amene ali pamwamba penipeni pomwe chayambira salandira chenjezo, chifukwa mafunde onse awiri amafika pafupifupi limodzi, ndipo ndi omwewo amene amagwedezeka kwambiri. Ife a ku Zomba izi zikutikhudza, chifukwa kuseri kwa phiri lathuli, mbali ya ku Chingale kotsikira ku Shire, kuli mingʼalu ya pansi yomwe akatswiri anaijambula kale pa mapu. Tsiku lomwe umodzi mwa imeneyo udzasunthe palibe foni idzatiuze nthawi ilipo, a ku Lilongwe mwina, ife ayi. Chinanso chenjezo siligwira khoma. Anthu a ku Japan amapulumuka kwambiri chifukwa cha mamangidwe, alamu imangowonjezera. Nyumba ya zidina kapena ya njerwa zomangira dothi yopanda ringʼi bimu, gebulo wamtali wongoimirira yekha, olo alamu italira bwanji idzagwabe, ndipo ku Karonga magebulo ndi amene anagwa kwambiri.

Masairini a mmisewu ngati a ku Mexico kuno tilibe. Chomwe chafika pafupi ndi ife ndi cha mafoni a Android chomwe Google inayambitsa mu 2020. Mufoni iliyonse muli kachipangizo kaja kamadziwa kuti mwaitembenuza chammbali nkutembenuza chithunzi, nde foni ikakhala pa chaja yangokhala phee kachipangizo kameneko kamatha kumva kugwedezeka kwa pansi, mafoni ambiri a dera limodzi akamva nthawi imodzi kompyuta za Google zimadziwa kuti si munthu wagwetsa foni koma ndi chivomerezi, nkuchenjeza omwe ali patsogolo. Amachenjeza chikafika 4.5 kupita mmwamba, ndipo machenjezo ake ndi awiri, lina lofatsa longokudziwitsa, lina lokuwa lodzadza sikirini yonse olo foni ili pa silent. Lowani mu Settings, pitani pa Safety & emergency, fufuzani Earthquake alerts, ngati pa foni yanu zilipo yatsani, sizilipiritsa, koma zimafuna location ikhale yoyatsa komanso data kapena Wi-Fi. Apa nde pali vuto lathu, ambirife data timayatsa pokhapokha tikufuna kuona WhatsApp, usiku timazimitsa kuopa bandulo, magetsi nawo ozimazima mafoni a pa chaja ndi angati, kumudzi ambiri ndi a foni za mabatani. Komanso nazo zimaphonya. Pa chivomerezi cha ku Turkey ndi Syria cha pa 6 Febuluwale 2023, cha 7.8, chomwe chinapha anthu oposa 50,000, makina a Google anachiyesa chachingʼono ndipo chenjezo lokuwa lija linapita kwa anthu osakwana 500, eni ake anadzavomera okha pambuyo pake. Nde yatsani, koma musagone tulo chifukwa choti mwayatsa.

Chomwe ndinatolapo pa muphwa wanga si foni yake kwenikweni, ndi mmene anachitira. Sanaime kuganiza kuti kodi nditani, anali ataganiza kale miyezi yambuyo, thupi linangochita. Anandiuza kuti atangofika kumeneko anawaphunzitsa, ndipo ana a mkaka omwe amayeserera kusukulu mpaka zimalowa mmagazi. Ine ndikanapatsidwa masekondi 30 aja mu 2018 osadziwa chochita nawo, ndikuuzeni zoona, ndikanangothawa msanga kuposa mmene ndinathawira, mwinanso kukafika ku Chinamwali.

Nde ndinapita kwa aHedi. Poyamba anandiseka, amvekere "aphunzitsi, inuyo ndi amene mukufuna kuphunzitsa anthu za kulimba mtima?" Ndinati eya bwana, ndine ndemwe chifukwa ndikudziwa mmene mantha amagwirira munthu. Tinayamba ndi chitseko, kalipentala anachitembenuza kuti chizitsegukira kunja, ndalama yake yosakwana ya thumba la simenti, ndipo desiki yomwe inkakhala pafupi ndi khomo tinaichotsa. Kenako ndinaphunzitsa ana kuti mukamva kulindima kosadziwika kapena pansi pakanjenjemera, osadikira kuti mutsimikize, osayangʼana aphunzitsi, gwadani pansi pomwepo, a padesiki lowani pansi pa desiki mugwire mwendo wake kuti isakuthaweni, okhala pansi pindani thupi ngati kamba muphimbe mutu ndi khosi ndi manja kapena chikwama cha makope, a kufupi ndi mawindo fulatirani galasi. Palibe wothamangira pakhomo pansi pakugwedezeka. Kukasiya nde timatuluka mzere ndi mzere kuyambira akufupi ndi khomo, mpaka pa bwalo la mpira kutali ndi makoma ndi mawaya a magetsi, nkuitana maina, ndipo sitibwereramo msanga chifukwa zivomerezi zimakonda kubwereza. Malo anga ine ndi pachitseko, kuchigwira, ndipo ndimatuluka womaliza, izi ndinalumbira pamaso pa ana omwe. Timayeserera kamodzi pa teremu, ndimaliza wezulo mosawauza, tsiku loyamba chinali chipwirikiti ndi kuseka kokhakokha ena kubisala pansi pa anzawo, pano wezulo ikalira masekondi 5 sakwana kalasi yonse ili pansi. Makolo ena anadandaula kuti tikuitana tsoka, mayi wina mpaka anabwera kudzafunsa ngati talandira uthenga wachinsinsi kuchokera ku boma, ndinamufotokozera za kamtsikana kaja anangoti ooo nkubwerera.

Wina afunsa kuti nanga nyumba zathu zofookazi si bola kuthawira panja? Funso limeneli ndi lomveka ndipo ine ndimayankha motere. Ngati uli mnyumba ya zidina yachipinda chimodzi kapena ziwiri, khomo lili pompo mapazi awiri atatu, panja pali poyera, ndipo wamva koyambirira kuja, tuluka ndithu nkupita patali ndi khoma. Koma kukagwedezeka mwamphamvu munthu suyenda, umangogwa, nde ukachedwa bola kugwada pomwepo nkuteteza mutu. Ndipo malo oopsa kwambiri ndi mphepete mwa nyumba, pakhonde ndi pakhomo penipeni, chifukwa ndi pomwe zapamwamba zimagwera. Kalasi ya ana 104 ndi khomo limodzi, kapena tchalitchi chodzadza, kapena holo, kumeneko kuthamanga nde imfa yake.

Kunyumba ndinayendera ndi maso atsopano ndipo ndinachita mantha ndi zomwe tinazolowera. Pa malata a kitchini yathu panali miyala ndi zidutswa za njerwa zotsendereza kuti mphepo isasasule, pamwamba penipeni pa khomo lomwe tonse tingathawirepo, ndinazitsitsa nkugula misomali. Bedi la ana linali lotsamira khoma la gebulo, tinalisunthira ku khoma lamkati. Mpanda wathu wa njerwa, womangira dothi ngati mipanda yambiri ya kuno, ndinauza ana kuti kukagwedezeka asayandikireko, malo okumanirana ndi pakati pa bwalo pomwe timayanika chimanga. Mbaula ya makala sitiikanso pakhomo potulukira. Tochi imagona pamalo amodzi odziwika. Nkhondo inabuka pa kabati ya pabalaza, ija ya magalasi yodzadza mbale ndi matambula a paukwati zomwe sitinadyerepo chikwatiranireni, akunyumba anakana kuti isasunthe olo pangʼono, nde tinagwirizana zoikhomerera kukhoma ndi tizitsulo tiwiri, zolemera nkutsitsira mmunsi. Apongozi atabwera anafunsa ngati taopa akuba kuti anyamula kabati yonse. Amene mukumanga, chonde ringʼi bimu musaidumphe pofuna kupulumutsa simenti, ndipo gebulo amangiriridwe ku denga, boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba pambuyo pa za ku Karonga zija, kafunseni ku khonsolo.

Ndimalakalaka tsiku lina a Geological Survey ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ija, atapatsidwa ndalama zokwanira zoika makina ambiri mmbali mwa nyanja ndi mchigwa cha Shire nkuwalumikiza ku mafoni onse ndi mawailesi, olo a mabatani omwe, paja za namondwe amatha kutichenjeza masiku angapo zisanafike ngati mmene zinalili ndi Freddy mu 2023. Koma podikira zimenezo ine alamu yanga ndi lole ya mchenga yodutsa pomwe palibe msewu. Chaka chatha inandinamizapo kamodzi, ndinakuwa kuti pansi nonse, ana onse gwaa pansi pa madesiki, kenako tinaona kuti inalidi lole, yabweretsa mchenga womangira zimbudzi zatsopano, yadutsa mmunda mwa aHedi. Ana anaseka mpaka misozi, ine ndinasekanso, koma ndinali nditaima pachitseko.

Kamtsikana kaja pano ndi namwali, ali ku sekondale. Ndinakumana naye mu Juni mumsika waukulu wa mtauni akugula mbatata ndi mayi ake, kukuzizira kwa Zomba kuja, ndinamufunsa za mkono anati umawawabe pangʼono kukazizira chonchi. Mayi ake anandipatsa moni bwinobwino. Tikusiyana mwana uja anatembenuka akumwetulira amvekere "sala, koma mumathamangabe ngati kale?"